Mzere wanga ndi zilembo 65

Pa ntchito yathu yotaipa makalata a madokotala, malipiro amawerengedwa pa mzere. Dokotala akaona wodwala amalankhula m'kachipangizo kojambulira mawu, kapena mufoni masiku ano, kufotokoza zimene wapeza, mankhwala amene wapereka ndi tsiku loti wodwalayo adzabwerenso. Mawuwo akafika kwa ine ndimavala mahedifoni, phazi n'kukhala pa chopondera choimitsira ndi kubwezera mawu, zala n'kumathamanga. Mwezi ukatha ndimawonkhetsa mizere yonse, kuchulukitsa ndi mtengo umene tinagwirizana, n'kutumiza invoisi. Kumva kwake n'kosavuta. Chovuta n'chakuti mawu akuti "mzere" aliyense amawamva mwakemwake, ndipo ufa wa m'nyumba mwanga umadalira mmene wolipirayo wawamvera.

Muyeso wodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi zilembo 65, kuwerengera pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu. Nambalayi inachokera pa taipilaita. Pa makina akale aja chilembo chilichonse chinkapatsidwa malo ofanana, kaya ndi "i" wowonda uja kaya ndi "m" wonenepa, ndipo zilembo zotchedwa pica zinkakwana 10 pa inchi imodzi. Pepala la ku America ndi lotambalala mainchi 8.5. Mukasiya inchi imodzi kumanzere ndi ina kumanja, patsala mainchi 6.5, ndiye kuti zilembo 65. Fonti ya Courier, imene Howard Kettler anajambulira kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950, ikakhala pa saizi 12 imasungabe muyeso womwewo pa kompyuta mpaka lero. Kuno ku Zimbabwe timagwiritsa ntchito pepala la A4, lomwe ndi lopapatiza pang'ono, mamilimita 210, choncho mzere wa Courier umathera pa zilembo 62. Muyeso umene timautenga ngati wa dziko lonse ndi wa pepala la eni ake.

Mafonti ambiri a pa kompyuta sali choncho. Chilembo chilichonse chimatenga malo olingana ndi thupi lake. Times New Roman inajambulidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1932. Stanley Morison ndi anzake ankafuna kuti mawu ambiri azilowa m'madanga opapatiza a nyuzipepala koma n'kumawerengekabe, ndipo zinathekadi. Pa pepala lomwelo la A4, pa saizi 12 yomweyo, mzere umodzi umameza zilembo pafupifupi 90. Tsono tengani kalata ya zilembo 3,250. Pa muyeso wa 65 ndi mizere 50. Mu Courier ikhala cha m'ma 52. Mu Times New Roman itsika kufika cha m'ma 36. Mawu ndi omwewo, zala zagunda mabatani omwewo, msana wawawa chimodzimodzi. Koma ngati tikuwerenga mizere yooneka ndi maso papepala, pa masenti 10 pa mzere, kalata imodziyo ikhoza kundipatsa $5.20 kapena $3.60.

Ndinabadwira kuno ku Dzivarasekwa, kumadzulo kwa Harare, ndipo ndimagwirira ntchito m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya makolo anga. Lokeshoni ino inamangidwa nthawi ya atsamunda, ikutchedwa Gillingham, kuti muzikhala anthu ogwira ntchito m'nyumba za azungu za ku Mabelreign ndi Marlborough. Ambiri mwa makhukhi ndi osamalira maluwa aja anali a ku Nyasaland, ena a ku Tete, ena a ku Fort Jameson. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza. Anabwera kudzera mwa Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu a kwathu ntchito za m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo anayamba pa famu ya fodya kufupi ndi Banket asanapeze ntchito yophika m'tauni. Kunyumba tinkalankhula Chichewa, panjira Chishona, kusukulu Chingerezi. Anzathu ankatitcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, mzinda umene ambiri mwa ife sitinauonepo. Makutu okulira m'zilankhulo zitatu amenewo ndi amene akundidyetsa lero. Dokotala wophunzira ku Cuba, wina ku India, wina konkuno ku Parirenyatwa, aliyense amatchula "hypertension" mwakemwake, wina akutafuna, wina ali pa chiwongolero, koma ine ndimamva.

Mu 2012 ndinkataipira maofesi atatu a ku Avenues, dera la m'tauni kumene kuli madokotala ambiri oima paokha. Ku ofesi ina kunali adokotala achikulire okonda Courier New chifukwa inkawakumbutsa taipilaita ya mlembi wawo woyamba. Ntchito yawo inkandipatsa mizere ya m'ma 4,200 pa mwezi, ndiye kuti $420. Iwo atapuma pa ntchito ofesi inatengedwa ndi ena, ndipo mayi watsopano woyang'anira ofesiyo ananditumizira template yatsopano: chizindikiro cha buluu pamwamba, manambala a foni pansi, zonse mu Times New Roman. Inali yokongola ndithu. Mwezi utatha, odwala anali ochuluka ngati kale, maola anga ngati kale, koma mizere inali 3,100. Siinatsike mpaka pamene masamu aja akunena chifukwa mizere yaifupi, monga ya adiresi, tsiku ndi mndandanda wa mankhwala, siichepa fonti ikasintha. Komabe $110 inasowa, ndipo m'nyumba mwathu imeneyo inali ndalama ya fizi ya mwana ndi magetsi.

Madzulo ake ndinawafotokozera agogo, amene panthawiyo anali ndi zaka za m'ma 80 ndipo kompyuta yanga ankaitcha wailesi yakanema yopanda nkhani. Sanalole kuti ndimalize.

"Naphiri," anatero, "za mizerezo usandiphunzitse ine. Ku famu kuja kapitawo ankati mgwazo wa lero ndi mizere 20. Lolemba atipatsa munda wa kumtunda, mizere yake yaifupi, dzuwa lisanafike paliwombo tamaliza. Lachiwiri atitengera kudambo, kumene ukaima koyambira mzere mnzako wa kumapeto sukumuona. Ukadandaula akuti, kodi dzulo sinali 20? Lero si 20? Ukalephera kumaliza, tikiti salemba."

Tikiti inali khadi ya masiku 30. Malipiro ankabwera khadiyo ikadzaza, osati mwezi ukatha, choncho tsiku losalembedwa linali tsiku logwira ntchito yaulere.

"Nanga munkatani, agogo?" ndinafunsa.

"Tinapota chingwe cha khonje, n'kumanga mfundo pa mapazi 100 alionse. Tinamuuza kapitawo kuti bwana, ife mizere sitiwerenganso, tiziwerenga chingwe. Anakalipa. Koma mwini famu atamva anavomera, chifukwa nayenso ankafuna kudziwa kukula kwenikweni kwa munda umene walimidwa."

Chingwe changa chinalipo kale mu Microsoft Word. Muli kabokosi ka Word Count kamene kamaonetsa masamba, mawu, zilembo popanda mipata, zilembo pamodzi ndi mipata, ndime ndi mizere. Mukasintha fonti, kapena saizi, kapena kukula kwa malo osiyidwa m'mbali, nambala ya masamba ndi ya mizere zimavina, koma ya zilembo sisuntha ngakhale pang'ono. Ndinatenga kalata imodzi, kuchotsamo dzina la wodwala ndi zonse zomuzindikiritsa, n'kuisindikiza kawiri, m'mafonti awiri aja. M'mawa mwake ndinakwera kombi ya m'tauni.

"Amayi, mtengo sitinaukhudze," anatero mayi wa mu ofesi uja m'Chishona chaulemu. "Ukadali masenti 10 pa mzere."

"Zoonadi, amayi," ndinayankha. "Koma tawerengani mizere ya makalata awiriwa."

Anawerenga akugunda ndi cholembera. Ina inali ndi 58, inayo 43.

"Tsopano ndionetseni mawu amene ali m'kalata iyi koma mulibe mu inayo."

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti sanachite kukonza zondibera. Fontiyo anaisankha chifukwa inali yooneka bwino ndiponso yosatha mapepala. Koma bilu itatsika anali atauza kale mabwana ake kuti wachepetsa ndalama zowonongeka, ndipo kubweza mawu otero pamaso pa mabwana n'kovuta. Tinakambirana milungu iwiri. Pomaliza tinalemba papepala kuti mzere ndi zilembo 65 pamodzi ndi mipata, monga Word yawerengera, ndipo mawu okhazikika a pa template sawerengedwa. Pa muyeso umenewo mwezi wanga unakhala mizere ya m'ma 3,700. Inali yochuluka kuposa 3,100, koma yochepa poyerekeza ndi 4,200, chifukwa muyeso wakale uja unkawerenga ngakhale mzere wa mawu awiri ngati wathunthu. Chingwe chinadula mbali zonse ziwiri. Za $110 ya mwezi woyamba ija panalibe amene anazitchula. Madzi akatayika saoleka.

Ndisanamizire kuti obera ndi olipira okha. Pamsika uliwonse wa chimanga, kaya ku Mbare kaya ku Lizulu, anthu amadziwa kuti ndowa yogulira kwa mlimi imakhala yofutukuka, pamene yogulitsira imakhala yophwanyika kunsi. Otaipa nawo ali ndi ndowa zawo: kukulitsa malo a m'mbali, kusiya mipata iwiri pambuyo pa mpumiro uliwonse, kudula mzere usanathe, kusankha Courier ngakhale palibe waipempha. Ku America nkhani yotere inafika mpaka kukhoti. MedQuist, kampani yaikulu kwambiri pa ntchitoyi panthawiyo, inaulula mu 2004 kuti mabilu ena inkawawerengera ndi masamu akeake m'malo mowerenga zilembo zenizeni, zipatala zisakudziwa. Zipatala zinaisumira, otaipa ake omwe anaisumiranso, ndipo mu 2008 inavomera kulipira boma la America $6.6 miliyoni kuti mlandu wa mabilu a zipatala za boma uthe. Zonsezo zinabisala m'mawu amodzi omwewa, mzere.

Chifukwa cha mikangano yotere, mu 2007 mabungwe awiri a ku America, AHIMA ndi MTIA, analimbikitsa muyeso wina wotchedwa visible black character: kuwerenga zilembo, manambala ndi zizindikiro zooneka ndi maso zokha, kusiya mipata. Ubwino wake ndi woti aliyense akhoza kutenga pepala n'kuwerenga yekha. Koma kwa wotaipa uli ndi minga. M'kalata ya zilembo 3,250 ija, mipata imakhala cha m'ma 450. Mukaichotsa patsala 2,800, ndiye kuti mizere 43 m'malo mwa 50. Chala changa chachikulu chimagunda batani la mpata tsiku lonse, ndipo kalata yopanda mipata palibe angaiwerenge. Ofesi ina itandipempha muyeso umenewu sindinakane. Ndinangoti ngati mipata ndi yaulere, mzere ukhale masenti 12. Muyeso uliwonse ndi wabwino malinga onse awiri akudziwa kuti ndi uti, ndipo mtengo wasunthira limodzi nawo.

Ife a ku Zimbabwe phunziro limeneli tinaliphunzira ndi misozi pa ndalama yeniyeniyo. Mu November 2016 kunabwera ma bond note, ndipo tinauzidwa kuti imodzi ndi yofanana ndi dola ya ku America. Mu February 2019 kufananako kunathetsedwa, ndalama za m'mabanki zinatchedwa RTGS dollar, ndipo posakhalitsa mtengo wake unagwa chagada. Pa invoisi yanga panali palembedwebe masenti 10. Dzina la muyeso linali lomwelo, koma chimene linkagula pa tuckshop ya pakona chinali china. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, n'kumayaka usiku anthu atagona. Ndinkataipa kuyambira 11 koloko usiku mpaka atambala, nditafunda bulangete. Munthu amene wagwira ntchito motero sangalole kuti mizere yake ichepe chifukwa wina wakonda zilembo zowonda. Lero pangano langa lililonse limatchula zinthu ziwiri ndi mayina ake onse, ndalama yake ndi mzere wake.

Komatu pa mkangano wonsewu pali munthu wachitatu amene safunsidwa, ndiye wowerenga kalatayo. Kalata ya dokotala wa ku Avenues sikhala mu ofesi yozizira. Imapindidwa kanayi, kulowa m'chikwama pamodzi ndi khadi ya kuchipatala, kukwera kombi, kunyowa thukuta. Imafotokopedwa pa makina otha inki. Ina imajambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa mwana amene ndi namwino ku Leeds. Ina imakathera m'manja mwa namwino wa pa kiliniki yathu ya Rujeko, amene panja pali mzere wa anthu ukumudikira. Pamene malipiro amangiriridwa ku maonekedwe a pepala, wolipira amakokera ku zilembo zazing'ono zothithikana, wotaipa amakokera ku zazikulu zotayana, ndipo palibe amene akufunsa ngati namwinoyo aona kadontho.

Kadontho kameneko ndi moyo wa munthu. Mukalemba 1.0 mg kadontho n'kufufutika pa fotokope, wowerenga aona 10 mg. Mukalemba .5 mg popanda ziro kutsogolo, aona 5 mg. N'chifukwa chake timalemba 1 mg ndi 0.5 mg, ndipo bungwe loyendera zipatala ku America, Joint Commission, linaika zimenezi pa mndandanda wa zolemba zoletsedwa mu 2004. Mu Arial, "I" wamkulu ndi "l" wamng'ono ndi mapasa. Chizindikiro cha µ chikalembedwa ndi fonti ya Symbol, kalata n'kutsegulidwa pa kompyuta imene ilibe fontiyo, chimasanduka "m", ndipo ma microgram amasanduka ma milligram, mlingo wochuluka ka 1,000. Ine ndimalemba mawu onse, micrograms, ngakhale dokotala atafupikitsa. Titagwirizana zowerenga zilembo, ndinapempha mayi wa mu ofesi uja kuti mndandanda wa mankhwala uzikhala m'zilembo zazikulupo, mankhwala alionse pa mzere wakewake. Anavomera msanga, popeza tsopano sizinkamuwonongera kanthu. Ubwino waukulu wa muyeso wa 65 ndinauona pamenepo: fonti inamasuka kugwira ntchito yake, yomwe ndi kuwerengeka.

Pali chilembo china chimene ndimachisamala pa chifukwa changachanga. Nthawi zina pamabwera wodwala wa kwathu amene dzina lake lili ndi ŵ, uja wa m'mawu akuti Malaŵi. Mafonti ena alibe chilembochi, ndipo m'malo mwake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Chimapezeka m'mafonti akuluakulu makamaka chifukwa anthu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito m'chilankhulo chawo. Pa bilu ndi chilembo chimodzi ngati china chilichonse, gawo limodzi mwa magawo 65 a masenti 10. Koma anthu a mtundu wathu kuno mayina awo analembedwa molakwika ndi makalaliki a m'mafamu ndi m'migodi kwa zaka zambiri, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri ali alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngati mwini dzina amalemba ndi kadenga pamwamba pa w, inenso ndimalemba choncho, ndipo ndisanavomere fonti ya ofesi iliyonse ndimayamba ndayesa ngati ili nako.

Ntchito yathu ikusintha. Madokotala achinyamata ambiri amalankhula mufoni, pulogalamu n'kuwalembera yokha. Zimene imalemba zimabwera kwa ine kuti ndikonze. Mayina a Chishona ndi a Chichewa imawapotoza, nthawi zina imasokoneza "hypo" ndi "hyper", ndipo dokotala akatsokomola pa mawu akuti "no" imangowadumpha, wodwala wopanda chifuwa n'kukhala nacho. Kuti ndipeze zolakwika zoterozo ndimayenera kumvera mawu onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati kale. Mwezi wathawu ofesi ina yandipempha kuti ntchito yokonzayi izilipiridwa theka la mtengo, poti zala zanga sizikugundanso zilembo zonse. Akunena zoona, sizikugunda. Ntchito yachoka m'zala yapita m'makutu, ndipo zilembo 65 siziyeza kumvetsera. Ndawayankha kuti tiziwerenga mphindi za mawu ojambulidwa, zimene foni ya adokotala imaonetsa ndipo tonse tikhoza kuziona, ndipo ndatchula mtengo wanga pa mphindi. Ati akambirana kaye ndi adokotala. Mafayilo awo a sabata ino afika kale, 14, ndipo ndalemba utali wa iliyonse m'kope langa.